Ndinazula maluwa amene ndinakhoza nawo mayeso

Loweruka lapitali ndinagwira khasu kudziko la eni kuno, ku Lawrence, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi.

Nyumba imene timachita lendi ndi ya mayi wina wachizungu wokalamba, yemwe amakhala khomo loyandikana ndi lathu. Anatilola kulima kuseri. Ine ndi nkhwani mukundidziwa kale. Nditaona timasamba tonga ta anyezi m'mbali mwa mpanda, ndinati izi n'zomera zokha. Ndinatipula zonse n'kuunjika pambali.

Mwana wanga Tadala anatuluka n'kugwira pakamwa. "Adadi, mwapanga chani? Those are daffodils!"

Madafodilu! Maluwa achikasu aja a m'ndakatulo yakalekale ya Chingerezi, ovina ndi mphepo, amene tinkawaloweza ku Fomu 4, aphunzitsi ataima ndi ndodo. Ankatifunsa kuti duwalo likuimira chiyani, ife n'kumayankha mokuwa: chimwemwe! Ndinakhoza bwino zedi. Koma panalibe amene anatiuza kuti lisanamasule limaoneka ngati anyezi. Mwina nawonso aphunzitsiwo anali asanalionepo.

Mayi aja anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anatola kachomera kamodzi, n'kukapukuta dothi. Anangoti anawabzala ndi malemu amuna awo, ndipo akamasula chaka chilichonse amamva ngati bambowo awapatsa moni. Bola akanandikalipira. Manyazi anandigwira, chisoni ndiye osanena.

Safunsa anadya phula, inde. Koma ndikanafunsa bwanji chinthu chimene ndinali ndi satifiketi yake?

Kodi ndi zingati zimene tinaloweza osaziona, abale? Alakatuli aja ankayamba ayang'anitsitsa duwa kenako n'kulemba kuti mtsikana wafanana nalo, kapena kuti moyo umafota ngati ilo. Ife tinayambira kumapeto. Pa ukwati ku South Bend mnyamata amaima n'kunena kuti "ndiwe duwa langa", tonse m'manja. Duwa liti? Mutamupatsa khasu, angalisiye?

Ine ndi Tadala tinabwezeretsa zonse m'nthaka, ngakhale zambiri khasu linazidula pakati. Iye anafufuza pa foni, akuti chaka chino tiiwale, mwina zina zidzamasula chaka chamawa. Ndinathamanga kukawauza mayi aja. Anamwetulira, n'kutseka chitseko mwaulemu.

Munthu woti masitepe a pakhomo pake amakwera mopumira, ine n'kukamulonjeza chaka chamawa. Chaka chamawacho n'changa?