Mphindi ya a Mawaya

Dzina lawo lenileni linali pa chiphaso cha ntchito basi. Kwina konse anali Azakhali. Kumsika Azakhali, kuchipatala Azakhali, ngakhale nkhalamba zowaposa msinkhu zinkawaitana choncho. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankawerenga mauthenga a maliro pa wailesi ya m'tauniyo, tsiku lililonse wani koloko masana, m'kachipinda kopanda zenera kamene makoma ake anamatidwa timatileyi ta mazira kuti mawu asamabwerere. Kanali kotentha ngati uvuni, koma fani ankaikana, ati imasokosera anamfedwa.

Ntchito yawo inali ndi dongosolo lake. Uthenga uliwonse ankauwerenga kawiri, mosathamanga, chifukwa munthu amene ali pa ntchito amamva dzina ndi khutu limodzi, n'kudzidzimuka uthenga utapita kale. Akamaliza onse ankati, "Tiyeni tikhale chete mphindi imodzi." Ndipo ankakhaladi chete, mphindi yathunthu, osaiba ngakhale pang'ono. Kuseri kwa galasi kunkakhala mmisiri wa wailesiyo, bambo wamtali wosayankhulayankhula amene aliyense ankamutcha a Mawaya. Iwowa ankatsitsa timabatani tonse, maso ali pa wotchi ya pakhoma, ndipo mphindi ikakwana ankangotukula chala. Nthawi imeneyo telala ankachotsa phazi pa makina, wometa ankaimitsa lumo pamutu pa munthu. Osati onse, tisanamizane. Zidakwa zinkapitiriza zawo.

Kenako mwini wailesi anakalamba n'kusiyira mwana wake. Mwanayo anabwera kuchokera kusukulu zakutali ndi suti yothina komanso chimbale cha setilaiti, chimene anachikhoma padenga chitayang'ana kumwamba ngati chikupempha mvula. Pasanathe sabata tauni yonse inali ikumutcha Chimbale. Anagwirizana ndi kampani ina ya kumzinda waukulu kuti mapulogalamu azichokera komweko, ndipo anthu anayamba kupatsidwa makalata owachotsa ntchito. Woulutsa za alimi anapita. Wa zamasewera anapita. A Mawaya, amene anakwera mlongoti wa wailesiyo kambirimbiri mvula ili pamsana, anawauza kuti makina atsopano safuna munthu.

Abale inu, ndi wailesi yanji imene imakuuza kuti lero kuli dzuwa iwe ukunyowa? Imakuuza za mdipiti wa magalimoto pa msewu umene sunaupondepo, koma mlatho wakwanu ukakokoloka iyo ayi, ili kalikiliki kukuimbira nyimbo. Oulutsa ake amaseka okha nthabwala zawo, ndipo utawafunsa kuti tauni ino ili mbali iti angakuloze kumwamba. Wailesi yakale ija inali ndi zofooka zake, inkathima magetsi akangophethira, koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwana akasowa inkamufuna ndi dzina lake.

Ola la Azakhali lokha ndi limene linatsala, nalonso likugwedera ngati dzino la nkhalamba. Chimbale ankaopa kuti akalichotsa anthu amudya wamoyo, koma ankangofuna chifukwa. Azakhali anaphunzira kudina okha mabatani, wotchi n'kumayang'ana okha.

Lachitatu lina m'mawa kunabwera amisiri awiri a kampani ija. Anakwawira pansi pa tebulo, namangirira kabokosi kotuwa, n'kumapita osauza munthu ntchito yake. M'mawa womwewo mkazi wa a Mawaya anafika atagwira pepala lopindapinda, maso ali psuu.

"Achemwali, anzanu aja atisiya," anatero mayiyo. "Chichokereni pano sanakhalenso bwino. Ankangokhala pakhonde kumvera ola lanu, likatha n'kuzimitsa. Ankati, tsiku langa likadzafika, Azakhali adzandipatse mphindi yanga yonse, osadula."

"Adzaipeza yonse," anayankha Azakhali. "Ikani wailesi poti aliyense amve."

Wani koloko itakwana anawerenga mauthenga anayi, wa a Mawaya n'kuusiya komalizira. Anauwerenga kawiri, mawu osanjenjemera. Kenako anapempha anthu kukhala chete, nayang'ana wotchi. Muvi wa masekondi unayenda kasanu ndi katatu. Mwadzidzidzi m'mahedifoni munaphulika chiphwete cha mnyamata wina wakumzinda, kenako mayi wina akutsatsa mafuta oyeretsa khungu, kenako ng'oma zovina zija zogwedeza mawindo. Azakhali anadina batani ili, nadina ilo, nafuula pa maikolofoni, koma mawu awo sankapitanso kulikonse. Zinatenga mphindi zisanu kuti wailesi ibwerere m'manja mwawo.

Foni inalira asanatuluke n'komwe. Anali mchimwene wa mkazi wa a Mawaya. "Azakhali, anthu tinaweramitsa mitu pano. Mlongo wanga anaika wailesi pazenera monga munanenera. Kodi alamu anga anakulakwirani chiyani kuti muwavinire?" Sanadikire yankho.

Azakhali anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Analowa mu ofesi ya Chimbale osagogoda. Mwini wake anali pa mpando wozungulira, akuseweretsa foni.

"Bwana, n'chiyani mwaika pansi pa tebulo langa?"

"Oo, kabokosi kaja? N'kotiteteza, Azakhali. Kakamva kuti kuli zii kwa masekondi asanu ndi atatu, kamadziwa kuti wailesi yafa, ndiye kamalumikiza ku setilaiti."

"Wailesi sinafe. Wafa ndi munthu."

"Pepani, koma makina sangasiyanitse. Masiku ano chete pa wailesi ndi vuto. Womvera amangosintha siteshoni."

"Kazimitseni pa ola langa lokha."

"Sikazimitsidwira kuno. Amakayendetsa ali kumzinda. Bwanji muziika kanyimbo kachisoni? Tili nato tambiri pa kompyuta."

Apa ndiye ulemu unathawa. "Iwe mwana iwe! Ndinakuona ukukwawa pansi pa tebulo lomwelija, a Mawaya akukuchotsa waya m'kamwa kuti magetsi asakuphe. Unawathamangitsa ngati galu woba mazira, lero walephera kuwapatsa mphindi imodzi? Imodzi yokha? Wagulitsa tsiku lonse kwa anthu osadziwa ngakhale manda athu ali kuti, ndiye kamphindi aka kakukuwawa?"

Chimbale anaika foni pansi, nkhope itachita tsinya. "Mayi, ndakulekererani chifukwa cha ukulu wanu. Koma mumve bwino. Kumzinda akhala akulifuna kale ola limeneli. Mukadzachitanso za chete zanuzo, tsiku lomwelo ola lanu latha."

Lachinayi linali tsiku loika maliro. Azakhali anafika molawirira, nagwada n'kukayang'anitsitsa kabokosiko. Kanali ndi kanyali kobiriwira kamene kankaphethira akatsokomola. Anatsokomola, nawerenga masekondi, natsokomolanso. Anaona kuti kachinthuko sikasamala zimene munthu akunena, bola pamveke kanthu. Ankadziwa bwino mtengo wa zimene ankafuna kuchita. Ntchito ina sankaidziwa, ndipo pa msinkhu wawo palibe akanawalemba. Koma anali atalonjeza.

Atamaliza mauthenga a tsikulo anasendera pafupi ndi maikolofoni. "Dzulo a Mawaya anaberedwa mphindi yawo. Sindine ndinawabera, koma zinachitikira m'manja mwanga, ndipo banja lawo lindikhululukire. Pansi pa tebulo langa pali makina amene safuna kuti tikhale chete. Ndiye ndiziwanyengerera, inu musandimvere ine. Tiyeni tikhale chete mphindi imodzi."

Anayang'ana wotchi. Muvi utayenda kasanu ndi kawiri ananena motsitsa mawu, "Tidakali chete." Kanyali kanaphethira. Anawerenganso masekondi asanu ndi awiri. "Tidakali chete." Atanena kachitatu, Chimbale anatulukira kuseri kwa galasi, pamalo penipeni pamene pankakhala a Mawaya, akudutsitsa chala pakhosi kuti adule. Azakhali anamuyang'ana m'maso. "Tidakali chete." Pofika kachisanu mawu anawathawa, kunangotuluka kamphepo kosasa, koma kabokosi kanamva ndipo kanawasiya. Misozi inali kugwera pa mapepala. Ananena kasanu ndi katatu, mpaka muvi unabwerera pamene unayambira.

"A Mawaya, ndi imeneyo mphindi yanu. Yonse."

Chimbale anatsegula chitseko. "Ndinakuuzani, mayi. Kalata yanu mukatenge kwa mlembi."

Azakhali anaimirira. Anavula mahedifoni, natola chikwama ndi magalasi awo. Asanafike pakati pa kanjira kotulukira, sipika ya pakhoma inali itayamba kale kuseka ndi mawu akumzinda aja. Mtima wawo unali udakali kuwira, ndipo ankadziuza kuti angachitenso chimodzimodzi mawa ndi mkuja.

Pa benchi ya pakhomo panali bambo wina wovala ovolosi ya ku galaja, mafuta adakali m'zikhadabo. Atawaona anaimirira msanga, navula chipewa, natambasula manja onse awiri atagwira pepala.

"Azakhali, ndachedwa, minibasi inafa m'njira. Ndi mwana wanga wamkazi, watisiya m'mawa uno. Abale ake a mayi wake ali kutali, alibe mafoni, koma inu amakumverani tsiku lililonse." Anapukuta m'maso ndi mkono. "Mudzawerenga mawa, eti? Nthawi yomweija?"