Zilembo Zimene Zinabisala M'kabokosi

Maso anga anawonongeka ndi utsi. Zaka zonse zimene ndinali ndi mphamvu ndinkawamba nsomba, milamba ndi kampango, kuti ana apite kusukulu, ndipo utsi wa nkhuni zaziwisi sunandisiye chabe. Kuchipatala ku boma anandiuza kuti khungu silinafike, koma ndizipewa kuwala kwambiri. Pepala loyera likakhala padzuwa misozi inkangotsika yokha ngati ndili pamaliro, ndipo zilembo za m'buku langa la Mawu a Mulungu zinayamba kuoneka ngati nyerere zosamuka.

Ine sukulu ndinalekezera kupulaimale, koma kuwerenga ndinkakutha bwino. Amayi a kutchalitchi kwathu tikakumana Lachinayi, ena amayambitsa nyimbo, ena amalalika, ine gawo langa linali kuwerenga Mawu. Maso atayamba kukana ndinapita kwa amayi a pampando kukawauza kuti apeze wina. Iwo anakana kufulumira. Anati ena azindigwirizira kaye mpaka titakolola mpunga, zikadzakanikabe ndiye adzasankha wolowa m'malo mwanga. Ndinavomera, koma mumtima munkapweteka. Chimenecho ndicho chinali chopereka changa kwa Ambuye, china ndinalibe.

Mwana wanga woyamba anakwatiwa ndi bambo wina wa ku Dwambazi, makolo awo anachokera kumpoto. Amagwira ntchito ya magetsi ku fakitale ya shuga. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pamphasa imodzi, sayang'anana m'maso, mukakumana panjira mmodzi amapatuka. Ambiri masiku ano anazisiya zimenezo, koma akamwini anga ayi. Akabwera amakhala pansi pa mtengo wa mango, ine pakhonde, moni timapatsana chapatali akuomba m'manja. Pakakhala nkhani yaitali, mwana wanga ndiye amaiyendetsa.

Loweruka lina anafika awiriwo ndi laputopu yakale imene mnzawo wa kuntchito anafuna kuitaya. Inali yokalamba zedi. Ukaiyatsa unkatha kupita kumjigo, kutunga madzi, kubwerako, iyo ikuganizabe. Akamwini anati makinawo sanafe, koma anasenzetsedwa katundu wosayenera msinkhu wake, ngati bwato lakale lodzaza matumba a mpunga. Anali ndi pulogalamu ina pa fulashi, kachipangizo kakang'ono kosungiramo za pakompyuta. Inali yopepuka, yaulere, yopangidwira makompyuta okalamba omwewa. Iwonso anali asanaigwiritsepo ntchito, anangoimva kwa anzawo. Anayamba aiyesa kaye ili pa fulashi pomwepo, mmene timalawira mchere m'ndiwo tisanaphule. Ataona kuti makina ayamba kuthamanga, anachotsa yakale ija n'kuika yatsopanoyo.

Ntchito inakula kwa mwana wanga. Anali woyembekezera, koma ndiye ankanyamula laputopu kuchoka pamango kubwera pakhonde, kuchoka pakhonde kubwerera pamango, uku akudandaula kuti ulemu wa anthu awirife umuthyola msana. Ulendo woyamba galasi lake linali loyera mbee, misozi nthawi yomweyo. Anabwerera nayo. Ulendo wachiwiri inabwera itasintha: pansi pakuda bii, zilembo zoyera, zikuluzikulu ngati za pachikwangwani cha sitolo. Akamwini anali atatsegula kale tsamba la Mawu pa intaneti. Ndinawerenga ndime yonse osapukuta m'maso, ndipo ndinayimba pang'ono pomwepo.

Nthawi inali itatha, iwo ankaopa kusowa minibasi. Mwana wanga anandionetsa mwachangu poyatsira, polumikizira ku sola, ndi potsegulira intaneti, imene inkachokera pa kafoni kakale kamene anandisiyira. Kenaka analoza ndi chala kabokosi kena pamwamba pa tsambalo. Anati ndikafuna mutu wina ndizilemba mmenemo dzina la buku ndi nambala, n'kudina batani lalikulu. Iye sanalembemo kanthu. Anangoloza, n'kunyamuka.

Lolemba m'mawa nditasesa ndinakhala pakhonde kuti ndiyese ndekha. Ndinadina m'kabokosi muja, ndinayamba kulemba ndi chala chimodzi. Kamzere kophethira ka m'kabokosimo kankasuntha, kusonyeza kuti chinachake chikulowa, koma chilembo ngakhale chimodzi sindinachione. Mawu ena onse a patsambalo ndinkawaona. Anga okha ayi.

Mayi wina wa m'mudzi mwathu khungu lake linayamba chonchi. Ankati akayang'ana chinthu, m'mbali akuona, pakati penipeni pali mdima, ndipo mdimawo unakula mpaka unatenga zonse. Ndinati basi, zandipeza. Ndinayesa kulemba mosaona, koma chala chikaphonya sindinkadziwa, ndipo makina ankangondiyankha kuti sanapeze kanthu. Tsiku lililonse ndinkayesanso, ndinkadontheza mankhwala, ndinkapemphera. Ndinkangobwereza ndime imodzi yomwe ija anandisiyira yotsegula mpaka ndinailoweza.

Mwana wanga sindinamuuze. Munthu wodwala pakati sumusenzetsa nkhawa. Akaimba foni ndinkangothokoza, ndipo sikunali kunama, ndinali woyamikiradi. Akamwini nawo ndikanawayamba bwanji? Munthu wataya Loweruka lake lonse kukukonzera chinthu, iwe n'kumati sukuona? M'madimba mpunga unali utayamba kufiira.

Patapita masabata angapo akamwini anabwera okha kudzasiya shuga ndi sopo, chifukwa mkazi wawo sakanathanso kukwera minibasi. Anakhala pamalo pawo pamango. Titapatsana moni anafunsa za makina. Ndinati ali bwino, Mulungu awadalitse. Anafunsanso kuti ndafika mutu uti. Pamenepo ndinasowa pothawira, woyendetsa nkhani panalibe. Ndinayang'ana pansi n'kuwauza kuti vuto si makina awo, maso anga ndiwo afika pothera, zimene ndikulemba sindikuziona.

Anapempha kuti aione laputopuyo. Ndinaika laputopu pa mpando pakati pa bwalo n'kubwerera pakhonde. Iwo anadzaitenga. Ndinamva akugogoda mabatani, kusiya, kugogodanso.

"Amayi," anatero, "nanenso sindikuona."

Ndinafunsa kuti akuti chiyani.

"Sindikuona kanthu. Ngati limeneli ndi khungu, ndiye tonse awiri atitsogolere ndi ndodo."

Ndinaseka mpaka kutsamira khoma, misozi ikutsika, koma ya mtundu wina. Apongozi sayenera kuseka motero pamaso pa mkamwini, koma tsiku limenelo ndinalephera kudzigwira.

Anandifotokozera akuyang'ana kumbali. Anati pulogalamu yotsegulira intaneti inabwereka mtundu wakuda kwa makina n'kuveka kabokosi kaja, pamene tsambalo linatumiza zilembo zake zitavalanso zakuda monga mwa masiku onse. Zilembo zinalimo, koma zinali ngati khwangwala wobisala m'thumba la makala. Anapepesa kuti tsiku lija sanayese kulembamo.

Ali mkati mofufuza pa foni yawo, batire ya laputopu inatha, poti nayonso ndi nkhalamba. Chingwe cha sola chimangofika pakhonde. Anaima pabwalo akukanda m'mutu. Ine ndinasunthira kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mtondo, n'kunena kuti khondeli ndi lalitali, likwana anthu awiri. Anakhala kumapeto enawo atanditembenukira phewa.

Sizinatheke ulendo umodzi. Poyamba anabweza zonse kukhala zoyera, zilembo zinaoneka, koma atakankhira makinawo kwa ine maso anakana. Anayesa zina, tsamba linatuluka lamawangamawanga ngati nkhanga, pena poyera pena pakuda. Ndinawamva akudandaula chapansipansi m'chinenero cha kwawo. Ndinati asavutike, ndizingowerenga ndime imodzi yomweyo mpaka amayi a kutchalitchi atatopa nayo. Anati ayi, aona kuti anthu ena kutali anakumana ndi vuto lomweli ndipo analemba mmene anathanirana nalo. Panali tsamba lina lobisika m'kati mwa pulogalamuyo, loyamba ndi kukuchenjeza kuti usamale. Analowamo, analemba mzere umodzi akukopera chilembo ndi chilembo kuchokera pa foni, wouza pulogalamuyo kuti timabokosi tolembamo isamativeke zakuda. Anaitseka, n'kuitsegulanso.

Anakankhira laputopu pang'onopang'ono pa simenti mpaka pamene dzanja langa likanafika. Tsamba linali lakuda monga ndimafunira, zilembo zake zoyera, koma kabokosi kaja kanali kotuwa, kakang'ono kosapweteka maso. Ndinadina chilembo chimodzi, chinaoneka. China, chinaonekanso. Zonena zinali zambiri koma si za kunena kwa mkamwini maso ndi maso. Ndinalemba m'kabokosimo kuti zikomo bambo, n'kukankhira makinawo kwa iwo. Anawerenga, anaomba m'manja mofatsa, n'kunena kuti ndisadine batani lalikulu, makina angayambe kufunafuna buku lotchedwa zikomo bambo.

Lachinayi lotsatira ndinakulunga laputopu m'chitenje, ndinakwera kabaza kupita kutchalitchi. Batire ndinali nditaidzaza, mutu wa tsikulo ndinaupeza ndekha kunyumba n'kuusiya wotsegula. Amayi atandiona ndikumasula anayamba kundiseka. Wina anati Mawu a masiku ano akufuna sola, wina anafunsa ngati ndalembedwa ntchito ku banki. Amayi a pampando anangoti tiyeni timve. Ndinawerenga mutu wonse. Batire inatha tili pa nyimbo yachiwiri, ntchito yake itatha kale.

Mpunga tinakolola, ndipo za kusankha wina sizinatchulidwenso. Mdzukulu anabadwa bwino, wamkazi. Akamwini akabwera amakhalabe pansi pa mango, moni ndi wa chapatali womwe uja. Koma makina akavuta amadziwa kuti mbali ya khonde ya kuchingwe cha sola ndi yawo, ndipo ndimawayalirako mkeka.