Luni Womera M'zidutswa za Njerwa

Pamene tinkafika ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu, mwana wanga anali asanayambe kukwawa. Bambo ake anapeza ntchito yothandiza amisiri pa nyumba zogona ana a ku yunivesite, zomwe zinkamangidwa mbali zonse masiku amenewo. Tinachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, wamkulu wa mpingo. Alandilodi athuwo anali atathira simenti pabwalo ponse kuti ana asukulu amene ankakhala m'zipinda zawo asamalowetse matope m'nyumba. Ine wokulira ku Dowa ndi khasu m'manja, ndinasowa ngakhale pobzala phesi limodzi.

Ndine munthu wamanyazi chibadwire, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Ana asukuluwo akakhala pampopi, akusakaniza Chingerezi ndi Chitumbuka, ndinkadikira kuti achoke kaye ndisanakatunge madzi.

Ndinapeza ganyu yochapa kwa mayi wina wophunzitsa ku yunivesite. Pakhonde pawo panali chinthu chimene chinandisokoneza mutu. Masamba obiriwira ankamera m'chibeseni chachitali chodzaza timiyala, mopanda dothi ngakhale pang'ono. Kapampu kamagetsi kakalira, madzi ankakwera m'timiyalamo, kenako n'kutsikanso kubwerera m'chigubu chapansi. Sindinawafunse kanthu mayiwo. Ndinkangochedwa dala poyanika zovala, maso ali pamenepo.

Kwathu magetsi analipo a babu limodzi basi, pampu ndinalibe. Koma ndinaganiza kuti ntchito ya pampu ndi kukweza madzi, ndipo manja ndinali nawo. Ndinapempha bambo a mwana kuti andipezere chigubu chakale cha pulasitiki kuntchito kwawo. Anachidula pakati m'litali mwake, n'kuboola pansi.

"Ukufuna kuweta nkhumba m'tauni muno?" anandifunsa akuseka.

"Ingoboolani," ndinatero.

Ndinalowetsa kapaipi ka pulasitiki pachibowocho, mbali inayo n'kulowetsa pansi pa ndowa, ndipo monse molumikiza ndinamanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Kunkadontha. Ndinamasula n'kumanganso katatu mpaka kunasiya. Timiyala ndinalibe, choncho ndinatola njerwa zosweka, n'kuziphwanya ndi mwala mpaka zinafanana ndi mtedza wosasenda. Kuzitsuka kokha kunanditengera masiku awiri, madzi akungotuluka ofiira. Chakudya cha mbewu ndinachipanga poviika zitosi za nkhuku m'kasaka, n'kumasungunula madzi akewo mpaka afanane ndi tiyi wopanda mphamvu. Mbewu ndinali nayo: njere za luni zimene mayi anga anandimangira pakansalu tsiku lonyamuka.

Ndikakweza ndowa pamulu wa njerwa, madzi ankalowa m'chigubu. Ndikaitsitsa pansi, ankabwerera. Tsiku loyamba ndinakweza ndi kutsitsa mwina kakhumi, ndikungosangalala ndekha.

Mbande zoyamba ndinazipha ndi chifundo. Ndinkaona kuti kuzichotsera madzi ndi nkhanza, ndiye ndowa ndinkangoisiya pamwamba tsiku lonse. Mizu inada, inayamba kununkha, mbande zonse n'kugwa. Nditapitanso kukachapa ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinazindikira kuti chibeseni cha mayi aja chinkakhala nthawi yaitali chopanda madzi kuposa chili ndi madzi. Mizu nayo imafuna mpweya. Wotchi ndinalibe, koma mwana analipo. Ndinkakweza ndowa, n'kukhala pansi kumuyamwitsa. Akalavula bere, ndinkatsitsa ndowa. M'mawa, masana, ndi dzuwa likapendeka. Mbande zachiwiri zinaima njii.

Cholakwa changa chachikulu chinali china. Ndinkaopa kusekedwa kuti mayi wakumudzi uja akubzala ndiwo m'njerwa, choncho ndinatchinga ndi masaka a simenti pakona ya kuseri kwa chipinda chathu, pomwe panali chigubucho. Luni uja anakula mpaka kufika m'chiuno, ndipo tsamba la luni lili ndi zala zisanu. Mtsikana wina wa ku yunivesite, wokhala chipinda choyandikana ndi chathu, anasuzumira pamwamba pa masakawo akuyanika zovala.

Kuyambira pamenepo moni anachuluka. "Mama alimi, mwatandala uli?" Anyamata ena ankati, "Mukakolola musatiiwale." Ine ndinkangoyankha kuti yewo, mumtima ndikunyada kuti adziwa luso langa. Sindinadziwe kuti pabwalo ponse pamveka zoti ndikulima chamba.

Loweruka lina masana alandilodi anafika pakhomo panga, mtsikana uja ndi anzake awiri ali pambuyo. Bambo a mwana anali kuntchito.

"Monire, amake mwana. Sindikhala pansi ayi," anatero. "Ine ndakhala pano zaka zambiri, apolisi sanapondepo pabwalo langa. Zimene mukulima kuseriko ndazimva. Mwezi ukatha mundipatse kiyi wanga."

Zipinda ku Luwinga zinkasowa, ana asukulu anali atatenga zonse. Ndinaganiza za mwana, ndi kuzizira kwa Mzuzu mwezi wa Juni. Ndinangopita pakona paja, n'kuyamba kumasula masaka limodzilimodzi.

"Mwaona, mama?" anatero mtsikana uja. "Masamba ake ndi omwewo. Ndinawaonapo pa foni."

Ndiye ndinachita chimene manja anga anazolowera. Ndinanyamula ndowa n'kuiika pamulu wa njerwa. Madzi anayamba kulira m'kapaipi, n'kumakwera pang'onopang'ono pakati pa zidutswa zija mpaka anaonekera pamwamba. Alandilodi anawerama, n'kupisa chala m'njerwamo.

"Dothi lili kuti?"

"Mulibe, amama."

"Nanga zikudya chiyani?"

"Madzi a zitosi za nkhuku. Amalowa, kenako ndimawachotsa kuti mizu ipume."

Ndinatsitsa ndowa, madzi n'kubwerera onse. Ndinadabwa kumva mawu anga akupitiriza okha. Ndinawafotokozera za mbande zimene zinavunda, za mphira ya njinga, ndi za mwana amene anali wotchi yanga. Chifikire ku Mzuzu ndinali ndisanalankhulepo mawu ochuluka chotero kwa munthu amene si mwamuna wanga.

Alandilodi anathyola tsamba limodzi, analifikisa m'zala, n'kulinunkhiza. Anayang'ana timaluwa toyera tomwe tinali titayamba kunsonga. Kenako anatembenukira kwa mtsikana uja.

"Iwe mwana, mabuku onse aja umanyamula, luni sukumudziwa? Amayi ako anakulera ndi chiyani?"

"Kwathu timadya kabichi, mama."

"Zikuoneka."

Anzake aja anaseka mpaka wina anagwira khoma. Mtsikanayo anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani chomene, amama." Ndinamuthyolera masamba odzaza manja awiri, n'kumuuza kuti akawawiritse kaye, ataye madzi oyamba chifukwa amawawa, kenako athire nsinjiro.

Alandilodi anali asanamalize nane. "Inunso muli ndi mlandu," anatero. "Chinthu chabwino chonchi mukuchibisa m'masaka ngati mwaba? Mukabisa, anthu amachipatsa dzina okha. Masakawa asabwererenso apa."

"Nanga kiyi uja, amama?"

"Kiyi wa chiyani? Kuseri kwanga kuli chigubu chobooka. Lolemba mubwere ndi mphira yanuyo. Ine ndikufuna mpiru."

Lolembalo ndinapita mwana ali kumbuyo. Mayi wamkulu wa mpingo, amene azimayi onse a m'dera lathu ankamugwadira popereka moni, anakhala pakampando akuphwanya njerwa, ine ndikuwauza kuti izi zakula, bwerezani. Anabwereza osadandaula. Vuto linali limodzi: iwo analibe mwana woyamwa. Tinagwirizana kuti akakweza ndowa aziimba nyimbo ziwiri za m'buku la kutchalitchi, mavesi onse, kenako atsitse.

Tinakhala m'chipinda chija zaka zinayi. Masana aliwonse ndikamva nyimbo kuseri kwa nyumba yaikulu, ndinkadziwa kuti mpiru ukumwa madzi, ndipo nanenso ndinkapita kukakweza ndowa yanga, pabwalo poyera, aliyense akuona.