Chitsulo cha pa kantina

Munthu akandiuza kuti zandale n'za eni ake, ife tizingolima, magazi amandiwira. Ndimakumbukira chitsulo chimene chinkalendewera pa mtengo wa bulugama pa kantina, sitolo ya kwathu ku Lifidzi.

Chinali chigudumu chakutha cha kamyau, galimoto yaikulu yonyamula katundu. Asipayi, apolisi akuda a Apwitikizi aja, akafuna anthu ankachimenya nge! nge! nge! Ankati ndi msonkhano, koma amuna akafika ankawasankha ngati mbuzi pamsika n'kupita nawo ku chibalo kukakumba msewu. Ababa anagwidwapo, ndipo anabwerako zikhatho zitatupa ndi thabwa lomenyera m'manja. Kuyambira pamenepo chitsulo chikalira ankatenga njinga, kathumba ka nyemba pakaliyala, n'kulunjika ku Kalomwe kukawolokera ku Dedza. Ankabwera madzulo atagula shuga, n'kufunsa kuti agwira angati. Amuna ambiri m'mudzi ankachita chimodzimodzi, ndipo sitinkawaseka chifukwa kuthawako kunkawapulumutsadi.

Tinali ndi dimba kumunsi kwa dambo. Ababa anakumba okha ngalande yake, ndipo mbatata ya kachewere inkabereka mochititsa nsanje. Mzungu wina wolima analilanda pamodzi ndi madimba ena n'kutchinga ndi waya. Ababa anangosintha njira yopitira ku tchalitchi kuti asamalione.

Chaka chimene Apwitikizi ankamanga katundu, mzungu uja anachoka. Ine ndinali mtsikana wosakwatiwa, ndikuphunzitsa ana aang'ono ku mishoni, ndipo kumeneko ndinamva kuti atsogoleri atsopano aitanitsa msonkhano wobwezera madimba. Lamulo linali limodzi: mwini dimba aimirire yekha pagulu, anene malo ake. Amene sabwera, dimba lake lipatsidwa kwa wina.

Masiku amenewo pansi pankanditentha. Ndikaweruka ndinkayenda khomo ndi khomo choko chidakali m'manja, ndikuuza anthu kuti msonkhano uwu ndi wathu. Wina ankati aona. Wina ankati wolamula ndi wolamula basi, kaya woyera kaya wakuda. Amayi ena anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Apurufesora, mwayamba liti kugawa minda?" Kunyumba ndiye ndinkalongolola mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Ababa ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinaiwala kufunsa chinthu chimodzi, kuti anthu adzawaitana bwanji. M'mawa wa tsikulo anyamata okonza msonkhano anaona chitsulo chili polendewera pomwepo, n'kuchimenya. Nge! nge! nge!

Ndinatuluka m'nyumba ndikupeza ababa akumanga kale nyemba panjinga. Ndinagwira kaliyala ndi manja awiri.

"Ababa, asipayi kulibenso. Tiyeni mukanene dimba lanu."

"Kulira kwake n'komweko, mwanawe."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akakunenereni ndani?"

"Ukanene ndiwe, suja unaphunzira."

Sanandikalipire. Anangomasula zala zanga chimodzichimodzi n'kukwera njinga. Ndinawakuwira mawu amene mwana sayenera kuuza kholo. Kumsewu ndinaona amuna ena akutsetsereka ndi njinga zawo kulowera ku Kalomwe.

Pa kantina panafika anthu ochepa, ambiri akazi ndi nkhalamba. Palibe amene anali ndi chikoti. Atatchula dimba la kumunsi ndinaimirira n'kunena kuti ndi la ababa, ngalande anakumba ndi iwo. Wotsogolera msonkhano anandimvetsera bwinobwino, kenako anafunsa kuti mwini wake akudwala kapena. Ndikanatha kunama, koma theka la anthuwo linawaona akudutsa.

"Apita ku Dedza," ndinatero.

Anthu anaseka. Bambo wina wa tsidya la mtsinje, amene ankagwira ntchito kwa mzungu uja, anaimirira n'kunena kuti walima dimbalo zaka zonsezi, ali ndi ana, ndipo iye wabwera. Sananame. Anthu anakweza manja, dimba linakhala lake.

Pambuyo pake ababa sankaphonya msonkhano. Ankafika oyamba, kukhala kutsogolo, kulankhula za mlatho ndi za dibi la ng'ombe mpaka anthu kutopa nawo. Koma njira yopitira ku tchalitchi sanaibwezenso mpaka imfa yawo.

Tsiku lothawa msonkhano lija ababa anabwera dzuwa likupendeka, fumbi mpaka m'nsidze. Anatsamiritsa njinga pa nkhokwe, n'kundipatsa shuga ngati wopepesa.

"Agwira angati?"

"Sanagwire munthu, ababa. Dimba lapita."

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kumayang'ana zikhatho zawo.