Mtengo wa Osoka Maukonde

Chimene sindinachimvetse mpaka lero pa a Mfundo n'chakuti munthu wosadziwa ngakhale liwu limodzi la chilankhulo cha alendo ankawalamulira bwanji anthu aja. Sankawasekerera kapena kuwanyengerera, koma anthu ophunzira, a imvi zawo, ankakhala pamchenga n'kumadikira kuti iwo agwedeze mutu.

Anali osoka maukonde. Dzinali anawapatsa asodzi, chifukwa ukonde unkatha kung'ambika pena paliponse, koma mfundo imene iwo amanga sinkamasuka. Ankagwira ntchito ndi anzawo anayi pansi pa mtengo waukulu m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Zida zawo zinali singano yosema, kampeni, ndi kathabwa kosalala ka zala zitatu m'lifupi, koyezera maso a ukonde. Ukondewo ankaukoka ndi chala chachikulu cha kuphazi kuti ukungike.

Kuseri kwa mtengowo kunali hotela. Chaka chilichonse alendo okalamba ankabwera kuthawa chisanu cha kwawo, n'kukhala miyezi itatu akuwothera dzuwa. Pakhomo la chipinda chodyera panali pepala la zochita: Lolemba kukwera boti, Lachiwiri kukaona mbalame, Lachitatu kuvina, mpaka Loweruka. Sabata yoyamba ankazichita zonse mosangalala. Ikafika yachinayi, ankangozungulira pamchenga manja kumbuyo ngati anthu odikira basi yochedwa.

Chaka china kunabwera manijala watsopano. Lolemba lina m'mawa anafika pamtengo paja atavala nsapato zonyezimira, nanena kuti malowo ndi a hotela, maukonde akununkhitsa malo a alendo, ndipo Loweruka kubwera amisiri kudzamanga pogulitsira zakumwa. A Mfundo anakunga ukonde wawo. Ankadziwa kuti gombe lonse linali litatchingidwa kale ndi mipanda, ndipo mthunzi wina woti n'kuyalapo ukonde kunalibe. Mabanja asanu ankadya za pansi pa mtengo umenewo.

Masana ake kunabwera mayi wina mwa alendowo, wamtali, wa tsitsi loyera mbee, amene kwa masiku angapo ankaima chapatali n'kumaonerera. Anakhala pansi natambasula dzanja. A Mfundo anamuyang'ana, anayang'ana dzanjalo, n'kuikapo singano ndi kathabwa.

Alamu awo a a Mfundo, mlongo wa malemu akazi awo, ankayendetsa boti lonyamula alendo ndipo chilankhulo chawo ankachithyolathyola. Iwo ndiwo anafufuza kuti mayiwo anali dokotala wopuma pantchito, amene moyo wawo wonse anasoka mabala a anthu.

"Alamu, mwayi sufika kawiri," anawanong'oneza. "Amayiwa ndi amene angatilankhulire kwa manijala. Ngakhale asoke chisa cha mbewa, inu muziwomba m'manja."

"Manja anga ali ndi singano," anatero a Mfundo.

"Ndiye mwetulirani. Mano muli nawo, ndinawaonapo tsiku la ukwati wanu."

A Dokotala anaigwira ntchito msanga. Koma kathabwa kaja anakaika pambali, poganiza kuti n'kothandizira ophunzira kumene. Anasoka monga anazolowera kuchipatala, timaso ting'onoting'ono, tothinana, tofanana ngati tosindikizidwa. Lachitatu madzulo anatambasula chigamba chawo chotalika ngati chitseko, nkhope ikuwala. Osoka anzawo aja, atatsinidwa kale khutu ndi alamu, anayamikira mokweza.

A Mfundo anatenga chigambacho nalowetsa chala m'diso limodzi. Chinakana. Anayesa lina, chinakananso. Anatulutsa kampeni, n'kudula ntchito yonse ya masiku atatu, mzere ndi mzere, osafulumira.

"Mwatipha, alamu," anadandaula a boti, manja ali m'mutu. "Mchemwali wanga anapirira zambiri."

"Auzeni kuti ukonde si bala. Bala amatseka. Ukonde amasiya khomo loti tiana ta nsomba titulukire. Tikatigwira chaka chino, chaka chamawa tidzasoka maukonde ogwirira chiyani?"

Alamuwo anamasulira monyinyirika, akuwonjezera mawu opepesa amene sananenedwe. A Dokotala anafiira mpaka m'makutu, anasansa mchenga pa siketi yawo, n'kumapita osatsanzika.

Lachinayi sanabwere. Osoka anayi aja anayamba kupinda maukonde ndi kumanga katundu, ndipo wina ananena, osayang'ana munthu, kuti pali anthu ena amene amawotcha nyumba pofuna kupha nsikidzi. A Mfundo anangopitiriza kusoka, koma tsiku limenelo anadzibaya kawiri, chinthu chimene chinali chisanawachitikire kuyambira unyamata wawo.

Lachisanu m'mawa a Dokotala anatulukira opanda nsapato, kumbuyo kwawo kukubwera alendo ena atatu. Anakhala pamalo pawo, anakola ukonde ndi chala cha kuphazi, natola kathabwa kaja. Anauza alamu kuti chipumireni pantchito aliyense amawayamikira pa chilichonse ngati mwana wophunzira kuyenda, ndipo panali patapita zaka makumi anayi munthu asanawadulire ulusi. Tsiku limenelo kampeni kanayenda pa ntchito ya alendo onse anayi. Mmodzi, mphunzitsi wa masamu, anadulidwa kasanu, ndipo akuti pa chakudya chamadzulo anazifotokoza monyadira ngati wapha mkango.

Loweruka lole ya amisiri inafika ndi mitengo ndi matumba a simenti. Inapeza alendo khumi ndi anayi atandandalika pansi pa mtengo, ukonde umodzi wautali uli pamiyendo pawo, zala zoyera zakuphazi zili tong'o. A Mfundo ankayenda kumbuyo kwawo pang'onopang'ono, akulowetsa zala m'maso a ukonde. Amisiri anazimitsa injini n'kukhala pa simenti yawo kuonerera.

Manijala anabwera akuthamanga. Anawachonderera alendowo, anawakumbutsa za boti limene linkawadikira, analonjeza mipando yofewa ndi zakumwa zozizira pamalo pomwepo. Panalibe amene anadzutsa mutu, poopa kusokoneza mfundo. Pomaliza a Dokotala analankhula, ndipo alamu anamasulira mokweza kuti osoka onse amve, ulendo uno osawonjezera kanthu.

"Mwana wanga, ndabwera kuno zaka zisanu ndi chimodzi. Mbalame zako zonse ndikuzidziwa, nazonso zikundidziwa. Chaka chamawa ndidzagona kumene kudzakhale osoka awa. Anzangawa akuteronso. Tsopano suntha, ukunditchingira kuwala."

Manijala anasuntha. Anaima kanthawi akuyang'ana nsapato zake zodzaza mchenga, kenaka anauza amisiri kuti akamange kumapeto ena a mpanda. Alamu anavina okhaokha mpaka chipewa chinagwa. A Mfundo anawerama pa ntchito ya a Dokotala, analowetsa zala zitatu m'diso, zinalowa bwinobwino, ndipo anagwedeza mutu kamodzi.

Ukonde umenewo unalowa m'madzi sabata yotsatira n'kubwerako ndi nsomba zikuluzikulu zokhazokha. Alendo anakaulandira pagombe akukangana kuti mbali imene yagwira zambiri anasoka ndani. Papepala la pakhomo lodyera panawonjezeka mzere watsopano wa kusoka maukonde, ndipo manijala analemba kalata yosainidwa yonena kuti mtengowo ndi wa osoka. Osoka anayi aja anamasula katundu wawo.

Kenaka manijala anaganiza zolemekeza a Mfundo. Anakonza tsiku la zolankhula, malaya okhala ndi chizindikiro cha hotela, ndi chikwangwani chojambulidwa nkhope yawo choti chikhomedwe pamtengo. A Mfundo anamva zonsezi kwa alamu awo, nafunsa chinthu chimodzi chokha: ngati kalata ija yasungidwa pabwino. Anawauza kuti ili m'manja mwa wamkulu mwa osoka.

M'mawa wa tsiku la mwambowo, mipando ikuyalidwa, alamu anawapeza pamsewu waukulu atanyamula kachikwama, akukwera lole ya mchere. Anawafunsa kumene akupita.

"Maukonde ong'ambika sali kuno kokha. Muwapatse moni a Dokotala."

Lole inanyamuka. Pamphambano pamene msewu umagawikana, fumbi linachuluka, ndipo alamuwo sanaone kuti yakhotera mbali iti.