Kutsuka Zithunzi za M'foni

Situdiyo yanga ili kuseri kwa msika wa Zingwangwa. Kale Lamulungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi ankaima pamzere kudzajambulitsa. Atabwera mafoni a kamera, mzere uja unatha. Ndinkangokhala pakhomo, ndipo aliyense wondipatsa moni ndinkamudandaulira zomwezomwezo, kuti mafoni atipha ife ojambula.

Alamu anga, amene amagulitsa tomato mumsikamo, anatopa nazo.

"Alamu, kulira kwanuku mukuthawitsa ndi ochepa otsalawo," anatero. "Ndani angajambulitse kwa munthu wa nkhope yamaliro?"

Zinandiwawa.

Pasanapite masiku kunabwera mayi wina wa ku Soche. Akuba anali atawabera foni m'minibasi, ndipo zithunzi zonse za malemu mayi awo zinali momwemo. Koma ankakumbukira kuti malemuwo anajambulitsapo kwa ine atavala yunifolomu ya kutchalitchi. Tinafufuza m'makatoni a zithunzi zimene eni ake sanadzatenge, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Titachipeza, mayiwo anakhala pansi pasimenti, chithunzi chili pachifuwa.

Ndinawapempha ngati ndingamauzeko ena nkhani yawo.

"Kauzeni, bambo," anatero. "Mwina ena n'kuchenjera."

Lachisanu alamu anandipatsa mpata woyankhula pamsonkhano wa amayi amumsika. Ndinawakumbutsa mmene mlendo akafika pakhomo tinkayamba tamupatsa alubamu tiyi asanapse. Ndinati masiku amenewo zithunzi zinali zochepa koma zinkakhalitsa, pomwe lero aliyense ndi wojambula, zithunzi mbwee, koma zonse zili m'kanthu kamene kangagwere m'ndowa kapena kutsala m'manja mwa wakuba. Kenako ndinafotokoza za mayi a ku Soche aja.

"Ine sindikulimbananso ndi foni zanu," ndinatero. "Jambulani nokha. Ine ntchito yanga tsopano ndi kutsuka, kuti mukhale ndi chogwira m'manja."

Amayi aja anangoyang'anana. Ndinaganiza kuti ndadzichititsa manyazi. Kenako mayi wina wogulitsa usipa anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa foni yosweka galasi.

"Muli chithunzi cha ukwati wa mwana wanga umu," anatero. "Foniyi yayamba kale kuzima yokha. Muyambe ine."

Mpweya umene ndinapuma pamenepo ndimaukumbukirabe.

Sindinalemere nazo ayi. Koma m'mawa ndikamatsegula chitseko, sindidandaulanso. Anthu amakhala pabenchi n'kumapendapenda m'foni, kusankha choti nditsuke, uku akundiuza kuti uyu ndi mdzukulu wa ku Bangwe, awa ndi amalume atangotuluka m'chipatala. Ena amachedwa mpaka kuiwala kuti asiya malonda opanda munthu, ndipo ndimachita kuwakumbutsa.