Miyala ya a Lekani

Mudzi wathu wa Tatopa uli ndi nyumba khumi ndi zinayi, ndipo mbiri yake mutha kuimva yonse chimanga chisanapse pamoto. Anauyambitsa ndi azimayi atatu apachibale amene anathawa ntchito yokakamiza ku Mozambiki. Ankapita kuminda ya tiyi ku Mulanje, koma atafika pachigwa pano wamkulu anatula mtolo n'kunena kuti ofuna tiyi apitirire. Palibe anapitirira. Kuyambira tsiku limenelo minda ndi ya ife akazi, amuna ndi obwera.

A Lekani anabwera mu 1974 kudzakwatira a Aliness, mdzukulu wa mayi wotopa uja. Anachokera ku Chiradzulu ndi njinga komanso wailesi. Apongozi awo anangoti wailesi silima. Chigwa chathu chilibe mwala ngakhale wogendera galu, ndipo malire a minda ankangowaloza ndi chala, choncho dzinja lililonse kunali kutukwanizana. Apongoziwo anaganiza zothetsa ndewu ndi kuyesa mkamwini nthawi imodzi. Anawatuma kukatenga miyala kuphiri la Michesi, umodzi paulendo, n'kumaikwirira pangodya ya munda uliwonse, mozama kuti wina asaisunthe. Inakwana miyala 62, ndipo njinga ija inafera pantchito. Pamwamba pake anthu anabzala nkhadze, miyalayo n'kuiiwala.

Zaka zinapita, tsitsi linayera, koma a Lekani anakhalabe mkamwini. Akati atsegule pakamwa pamsonkhano, alamu awo a Goodman, mchimwene wa a Aliness, ankawakumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Anawanena choncho zaka 49, mlamba uli phee pamalo pomwepo.

A Aliness anamwalira mu Januwale 2023. A Goodman, monga mwini mbumba, analengeza kuti tikakolola a Lekani asudzulidwa, azipita kwawo monga mwa mwambo. Kwawo kuti? Onse owadziwa ku Chiradzulu anagona kale, ana awo ali ku Joni, ndipo manda a mkazi wawo ali kuno. A Lekani sanatsutse. Ine zinandipweteka.

Mu Malichi kunabwera madzi osefukira aja. Tinathawira kusukulu tonse amoyo, koma pobwerako tinapeza chigwa chili see ngati mphasa, matope ndi mchenga okhaokha. Nkhadze zonse zinapita. Sabata isanathe, aliyense anali atakumbukira kuti munda wake unali waukulu kuposa wa mnzake. Eveles, mwana wa mchemwali wa a Goodman, anatsala pang'ono kuwatema amalume akewo ndi khasu.

Pamenepo a Lekani anatuluka ndi chitsulo chapawindo. Anayenda, anaima, anayang'ana Michesi ndi diso limodzi, n'kuzika chitsulo m'matope. Chinalira kuti ngwe. Titakumba tinapeza mwala, ndipo ndewu ya nyumba ziwiri inathera pompo. A Goodman analamula kuti enawo apezeke mawa lomwe. A Lekani anayankha mwaulemu kuti mutu wakalamba, umakumbukira mwala umodzi kapena iwiri pamwezi, ndiponso sufuna phokoso.

Mutu umenewo tinauphunzira msanga. Ukadya nkhuku unkakumbukira bwino, ukadya nandolo unkachita chizungulire. Miyala ya amasiye inapezeka mvula isanagwe, popanda ngakhale dzira. Ya a Goodman yokha ndiyo inkazemba. Bambo aja analima nyengo ziwiri asakudziwa ngati akupalira chimanga chawo kapena cha Eveles, ndipo tsiku losudzula analisuntha katatu. Tinawamvanso ndi makutu athu akuti "achimwene" kwa munthu amene ankamutcha mlamba. Madzulo ankapita kukawakumbutsa za miyala, n'kukhalako mpaka bawo itatha.

Koma miyala 62 ndi 62 basi. Wotsiriza unapezeka mu Okutobala chaka chatha, pakati pa a Goodman ndi Eveles. A Lekani anapukuta chitsulo chawo.

"Miyala yatha, alamu. Tchulani tsiku, ndizimanga katundu."

A Goodman anayang'ana pansi, n'kunena kuti amva.

Kutacha Eveles anadzutsa mudzi ndi mkuwo, akuti mwala wabedwa. Tinathamangira kumunda n'kupeza dzenje, ndiponso mkukuluzi wa wilibala wolunjika bwinobwino pakhomo pa a Goodman. Tonse tinauona, tonse tinayang'ana kumwamba. A Goodman anakalipa kwambiri za kuipa kwa anthu a masiku ano, kenako anatembenukira kwa a Lekani.

"Inu simungachoke mlandu uli pakati. Muupeze kaye mwalawo."

A Lekani anayang'ana mkukuluzi uja nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

"Umenewu ndi wovuta, alamu. Ungatenge zaka."

Akuufunabe mpaka lero. M'mawa amayamba asesa pamanda a a Aliness, kenako amazungulira minda ndi chitsulo chawo, kuzika apa ndi apo. Dzuwa likatentha amapita pakhonde la a Goodman kukatchova bawo. Pamenepo pali chinthu chofunditsidwa chiguduli, ndipo a Goodman amawapatsa kuti akhalire.